APC, Master Airscrew ndi aja opanda dzina: mapulopela amene ndayesa pa kandege kanga

Mota yoyamba ndinawotcha ndekha ndi manja angawa, palibe munthu woti ndimunamizire. Kandege kanga ndi koulutsa ndi limoti, ka foam, mapiko ali pamwamba, kutambalala kwake ndi mita 1.4, kulemera ngati kilo 1.2 batire lili momwemo. Mota ya brushless ya 1000KV, ESC (kachida kolamulira liwiro la mota) ya 30A, batire la LiPo la 3S (maselo atatu) 2200mAh, zija ambiri timayambira nazo. Tsiku lina ndinathyola pulopela yanga ya 10x5 potera, m'bokosi munatsala 11x7 yokha yopanda dzina, ine nde kungoti aaa inchi imodzi ndi chaninso, ndinamanga basi. Kanakwera ngati kalusa, ine mtima mbee kumati ndatulukira chinsinsi, patangotha mphindi zitatu kapena zinayi mota inasintha kaliridwe kenako zii. Ndinakatsitsa pa udzu kopanda mphamvu, pofika pomwepo fungo la vanishi wopsa linandilandira ndisanawerame nkomwe, waya wa mkuwa uja mkati mwa mota wada bii, kuigwira kosatheka. Safunsa anadya phula eti.

Kuyambira pamenepo ndinagula wattmeter, kachida koyezera magetsi amene mota ikukoka, ndi mota ina yofanana ndi yakufayo, ndipo ndakhala ndikusinthasintha mapulopela pa kandege komweko, batire lomwelo, kuti ndione kuti kusiyana kwake kuli pati kwenikweni. Zimene ndilembe apa ndi za mota yangayi, inu musangokopera saizi, mota yanu ikhoza kukana.

Kwa amene mwangolowa kumene, manambala awiri aja olembedwa pa pulopela ndi osavuta. Yoyamba ndi utali wake kuchokera nsonga iyi kukafika nsonga inayo mu mainchi, ndiye 10 ndi masentimita 25.4. Yachiwiri ndi pitch, mtunda umene ikanasuntha kupita kutsogolo ikazungulira kamodzi zikanakhala kuti mpweya ndi wolimba ngati thabwa limene sikuluwu ikulowamo. Mpweya suli choncho, pulopela imaterereka, nde imasuntha mochepera, komabe nambalayo imathandiza. Ine ndimangoitenga ngati magiya a njinga. Yayitali ya pitch yochepa ndi giya yokwerera chitunda, imakoka kwambiri, ndege imanyamuka msanga koma siithamanga. Yayifupi ya pitch yambiri ndi giya ya pa tsetse, ponyamuka imachita ulesi koma ikagwira liwiro simuipezanso.

Chimene chinandiphera mota ndi ichi, ndipo ndikanakonda munthu akanandiuza poyamba pomwe. Katundu amene pulopela imasenzetsa mota sakwera molingana ndi utali wake, amakwera ngati utaliwo mwauchulukitsa ndi wokha kanayi. Kuchoka pa 10 kupita pa 11 ndi 1.1 x 1.1 x 1.1 x 1.1, yankho lake 1.46, kutanthauza kuti inchi imodzi yokhayo ikufuna mphamvu yowonjezera pafupifupi theka kuti izungulire pa liwiro lomwelo. Onjezanipo pitch kuchoka pa 5 kufika pa 7, ndiye 1.46 x 1.4, mwafika kawiri. M'zoona zake ma amp, muyezo wa magetsi amene mota ikukoka, safika kawiri ndendende chifukwa mota imatsika ma RPM (kuzungulira kwake pa mphindi) ikalemedwa, koma vuto la mota ya magetsi ndi lakuti siidandaula ngati injini ya mafuta. Injini ikalemedwa imamveka kuti yatopa, mota imangopitiriza kukoka magetsi ochuluka mwakachetechete mpaka waya apse, kapena ESC, kapena batire lifufume.

KV ija nayo anthu amaisokoneza, ena amaganiza kuti ndi mphamvu. Ayi, ndi ma RPM pa volt iliyonse mota ikamazungulira yopanda kanthu. 1000KV pa 3S ya 11.1V ndi 11,100, mukamangapo pulopela imatsika, yanga ndi 10x5 imakhala cha m'ma 9,000. Ndiye mukasamukira ku 4S, 14.8V, mota yomweyo ikufuna kuzungulira mwachangu kwambiri, ndipo mphamvu yofunika imakwera ngati ma RPM mwawachulukitsa ndi okha katatu, pulopela iyenera kuchepa basi palibe zokambirana. Ndaonapo anthu akuika 4S pa 10 inchi yomweyo ya 3S kenako nkumatukwana ESC.

Tiyambe ndi aja opanda dzina, amabwera ambirimbiri m'kathumba kamodzi, ena akuda ena ofiirira, pulasitiki yofewa yoti mukhoza kuipinda ndi zala ziwiri. Sindiwanyoza kotheratu chifukwa nthawi imene ndinkaphunzira kutera ndinkathyola awiri atatu pa tsiku, ndipo kuthyola amenewa sikupweteka mtima. Koma mwa khumi amene ndinali nawo, amene anali pa balansi bwinobwino mwina anali atatu, imodzi bowo lake silinali pakati nkomwe, ikamazungulira mumaona nsonga ziwiri m'malo mwa imodzi. Choipa kwambiri ndi kupindika. Throttle, ndodo yowonjezera mphamvu pa limoti, ikafika pafupi ndi mapeto masamba amawongoka, pitch ija imathawa, phokoso limakwera ngati mavu alowa m'chitini koma liwiro osawonjezereka, mumangodya batire chabe. Pa kandege kakang'ono kopepuka ka ma RPM otsika ali boo, pa mota yangayi ayi.

APC ndiye ndinachedwa nayo, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ndinakhazikika. Amapangidwa ku California ku America, mtundu wake ndi wotuwa uja, nsonga zake zopyapyala zokhota ngati chikwanje, ndipo ndi olimba, mukayesa kupinda ndi zala amakana. Chofunika kuyang'ana ndi chilembo chimene chili kumapeto kwa nambala. E ndi a magetsi, opyapyala ndi opepuka. SF ndi a ndege zouluka pang'onopang'ono, masamba ake otambalala. Opanda chilembo ndi a injini ya mafuta, pakati pake ndi ponenepa. M'paketi ya E mumapezamo timaring'i ta pulasitiki tochepetsera bowo kuti ligwirizane ndi adaputa yanu, musataye timeneto, ndipo sankhani kamene kakulowa mothina, kolowa mogwedera ndi kamene kamabweretsa kunjenjemera.

Ndinayamba ndi 10x5E. Pansi, throttle yonse, batire lodzadza, wattmeter yanga inkaonetsa cha m'ma 17A, pafupifupi 190W. Pali kawerengedwe kamene anthu a ndegezi amagwiritsa ntchito, koti ndege yophunzirira imakwanira ndi ma watt 70 kapena kuposa pang'ono pa paundi iliyonse, paundi ndi magalamu 454, yochita masewera wamba imafuna 100, ya 3D ija yoima m'mwamba ngati yapachikidwa imafuna 150 kupita m'tsogolo. Kanga ka kilo 1.2 ndi mapaundi 2.6, ndiye 190W ili pomwepo penipeni. Chimene chinandidabwitsa koyamba si mphamvu koma phokoso, linatsika, m'malo mwa kukuwa kuja kunatsala kamluzu kosalala. Kunyamuka pa udzu kunafupika, kukwera kunali kokhazikika, ndipo nthawi yambiri ndimauluka pa theka la throttle osamva kuti kakuvutika. Ndikatera nditauluka mphindi zisanu ndi zitatu mota imakhala yofunda chabe, chala chimakhalapo osachotsa.

Kenako dyera, ndinayesa 10x7E. Pali kasamu kosavuta kodziwira liwiro limene pulopela ingafikitse ndege, ma RPM kuchulukitsa ndi pitch kenako kugawa ndi 656, yankho limatuluka mu makilomita pa ola. 9,000 x 5 kugawa 656 ndi 68 ndi kanthu. Ya 7 imatsitsa ma RPM pang'ono, tinene 8,500, komabe imafika 90. Ndege siifika pa nambala imeneyo ndendende koma kusiyanako mumakuona ndi maso. Tsiku la mphepo 10x7E ndi yabwino zedi, kandege kamaboola mphepo m'malo momangoima pamodzimodzi ngati kaiti. Koma ma amp anakwera kudutsa 21, kufupi kwambiri ndi malire a mota yanga, ndipo potera kanasiya kundimvera, throttle pang'ono chabe kakuthamangabe, kumadutsa pamene ndimafuna kuteramo. 10x5E ikamazungulira pang'onopang'ono imakhala ngati buleki, kandege kamatsika mwaulemu. Pa ndege ya mapiko onenepa ngati yangayi liwiro lowonjezeralo limathera mu kulimbana ndi mpweya basi, nde ya 7 ndimaisunga ya masiku a mphepo okhaokha.

Dziwaninso kuti nambala ya ma amp ndege ili pansi ndi yokwera kuposa ya m'mwamba, ndege ikayamba kuyenda katundu amapepuka ma amp nkutsika. Ena amadalira zimenezi nkumadutsa malire pansi. Ine nditawotcha kale imodzi sindichita nawo, ngati pansi yadutsa zimene pepala la mota likunena, ndimatsitsa saizi.

Za SF ndichenjeze pang'ono chifukwa 10x4.7SF ndi yotchuka kwambiri ndipo imakoka koopsa mukaigwira m'manja. Eni ake a APC amanena kuti SF isadutse ma RPM 65,000 kugawa ndi utali wake, ndiye ya 10 inchi malire ake ndi 6,500. Mota yanga imadutsa pamenepo kutalitali. Ndi yabwino koma pa ntchito yake, mota ya KV yotsika kapena 2S, ndege yopepuka yoyandama. Aja a injini ya mafuta malire awo ndi 190,000 kugawa utali, onani kusiyana kwake, nde chilembo chija si chokongoletsera.

Ngati pali chimene muyenera kudziwa musanagule APC ndi kulimba komweko ndi kuthwa. M'mphepete mwa kumbuyo kwa tsamba ndi mwakuthwa ndithu, anthu ambiri amadutsitsamo sandipepa wosalala kamodzi kawiri asanamange. Komanso pulopela yolimba siipinda ndege ikagwa champhuno, mphamvu yonse imapita kwina, mwina ithyoke yokha mwina shafiti ya mota ndi imene ilandire. Nchifukwa chake kwa munthu amene akuterabe ndi mphuno tsiku lililonse ndimamuuza za Master Airscrew.

Master Airscrew nawonso ndi a ku California, akuda, nsonga zake zodulidwa mowongoka, opangidwa ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi. Yanga ndi 10x6 ya mtundu wa injini ya mafuta, ndiye ndi yolemerako kuposa E, mukakankha throttle mwadzidzidzi imatenga kanthawi kuti idzuke, ndipo m'makutu mwanga imalira kwambiri kuposa APC. Koma kupirira kwake amwene. Mphwanga akuphunzira pa kandege komweka, wakhala akukapidigula pa udzu kosawerengeka, pulopela imangopinda nkubwerera, timapukuta dothi nkuponyanso m'mwamba. Nsonga zake zaperepeseka koma ikugwirabe ntchito. Pa wattmeter inkakoka pakati pa APC ziwiri zija, zimene sizodabwitsa poti pitch yake ili pakati. Alinso ndi mtundu wa magetsi wopepuka, ngati ndege yanu ndi ya batire yambirani kumeneko. Kwa ophunzira ndi kwa amene bwalo lawo ndi la zitsotso, iyi ndi imene ndingagule.

Ya mtengo ndinayesa imodzi ya Xoar, ya mtengo wa beech, mnzanga wina anandibwereka. Kukongola kokha ndiye palibe mnzake, yopepuka, yolimba, throttle imayankha nthawi yomweyo, ndipo ikagunda pansi imathyoka yokha nkupulumutsa shafiti. Koma ndi zomwezo, ikangokhudza pansi yapita, ndipo ya mtengo ikang'aluka olo pang'ono simata, mumataya. Pa ndege zazikulu za petulo ndi za 3D ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaikonda, pa ka foam kophunzirira nkungodzionetsera. Ndinabweza isanandithyokere m'manja.

Aja opinda a Aero-naut a ku Germany ndi a ma glider, ndege zoyandama pa mphepo zija, mota ikazima masamba amagona m'mbali mwa mphuno. Pamafunika kuyatsa buleki mu ESC apo ayi amangozungulira ndi mphepo osapinda. Sindikhalitsapo, kandege kanga sikawafuna.

Masamba atatu nanga? Amaoneka bwino, makamaka pa ndege zotengera za nkhondo zija, koma tsamba lililonse limadutsa mu mpweya umene linzake lasokoneza kale, nde pa mphamvu yofanana awiri amapambana. Phindu lake lenileni ndi pamene miyendo ya ndege ndi yayifupi ndipo pulopela yayitali ikukhula pansi. Anthu amatsitsa utali ndi inchi imodzi, 10x6 ya awiri kupita 9x6 ya atatu, ena amakwezako pitch, kenako kuyezanso ndi wattmeter. Kungoika ya atatu ya saizi yomweyo ndi njira ina yowotchera mota.

China chochititsa manyazi koma ndinene. Ndinathera Loweruka lonse ndikufufuza chifukwa chimene kandege kanalibe mphamvu, ndinasintha batire, ndinakayikira ESC, ndinamasula mpaka mota, kumapeto mphwanga yemweyo amene sadziwa kanthu ndi amene anafunsa kuti bwanji manambala akuyang'ana kumbuyo lero. Ndinali nditamanga chadodolido. Choseketsa nchakuti pulopela yotembenuzidwa imakankhabe mpweya mbali yomweyo, nde mukaika dzanja kumbuyo mumamva mphepo nkumati zili bwino, koma mphamvu yake imatsika kwambiri phokoso nkukwera. Pa APC ndi ena ambiri manambala amayang'ana kumene ndege ikupita, olo mota ikhale kumbuyo yokankha, nkhope ya pulopela imayang'anabe kutsogolo. Mota ikamazungulira mbali yolakwika mumangosinthanitsa mawaya awiri aliwonse mwa atatu a pakati pa mota ndi ESC, osati kutembenuza pulopela.

Balansi ndimayeza iliyonse, ya dzina ndi yopanda dzina yomwe. Ndili ndi kachida kaja ka maginito, pulopela imalendewera pakati popanda chokhula, tsamba lolemera limatsika lokha pang'onopang'ono. Ndimamata katepi kakang'ono pa tsamba lopepukalo, ndikuyeza, ndikudulako, mpaka iziima paliponse pamene ndaisiya. Ena amapala lolemeralo ndi sandipepa, zonse zimatheka bola osakhudza nsonga ndi m'mphepete mwa kutsogolo. Ma APC anga ambiri amangofuna kachidutswa kochepetsetsa, ena osafuna nkomwe. Ndi ntchito ya mphindi zisanu koma kunjenjemera kumadya ma bearing, kumamasula masikuluwu, ndipo pa foam kumagwedeza pomangira mota mpaka guluu atasiya. Ngati muli ndi kamera pa ndege ndiye mudzaona chithunzi chikuvina ngati madzi.

Amene muli pa injini za mafuta za glow, ya saizi ya .40 ndi 10x6 ndi banja lakalekale, .46 imayenda bwino ndi 11x6 kapena 10x7. Chimodzi chokha, musamangepo ya E kapena SF olo saizi ifanane. Injini imamenya mwa kugunda kamodzi kamodzi, siizungulira mosalala ngati mota, pulopela yopyapyala ikhoza kutaya tsamba. Komanso kulemera kuja kumathandiza injini kuti isazime pa idle, throttle ili pansi.

Ndipo tsamba likathawa si masewera. Nsonga ya 10 inchi pa 9,000 RPM ikuyenda liwiro loposa makilomita 400 pa ola. Poyeza ndi wattmeter ndimamangirira mchira, ndimaima kumbuyo, sindilola munthu kuima m'mbali molunjika ndi pulopela kapena kutsogolo. Ndikamakonza zinthu pa tebulo, kaya ndikusintha za mu limoti kaya za ESC, pulopela imachoka kaye, chifukwa mota ya magetsi siichenjeza, kukhudza ndodo ya throttle ndi chigongono basi yadzuka ndi mphamvu zonse, ndipo siizima ikagunda chala ngati mmene injini ingachitire. Pa pulasitiki mukaona kamzere koyera pafupi ndi pakati, pamene panapindikapo, imeneyo yatha ntchito olo ioneke yathunthu.

Nde mukandifunsa kuti ndigule iti, pa ndege ya magetsi ya saizi ngati yanga ndipo kutera mwakudziwa, APC E, yambani ndi saizi yaying'ono pa zimene pepala la mota lalemba kenako muzikwera pang'onopang'ono wattmeter ili pakati pa batire ndi ESC. Gulani masaizi awiri atatu oyandikana nthawi imodzi chifukwa simungadziwe imene ndege yanu ikonde musanaulutse, yanga pa pepala imaoneka ngati ya 10x6 koma m'mwamba inasankha 10x5. Ngati mukugwabe champhuno, Master Airscrew kaye. M'bokosi langa pano muli ma 10x5E atatu, 10x7E imodzi ya mphepo, ndi yakuda ija ya mphwanga imene ikukanabe kufa. 11x7 imene inandiphera mota ilipobe, ndimatakasira epoxy.